Mkuwa wathimbirira? Siyani mchenga, tengani ndimu

M'nyumba zambiri kuno kwathu muli kanthu kamkuwa kamene kanabwera ndi munthu wochokera ku migodi ya ku Zambia. Agogo kapena amalume amene anakagwira ntchito ku Kitwe, ku Mufulira, ku Luanshya kapena ku Chingola sankabwerera chimanjamanja. Ankanyamula wotchi yapakhoma yooneka ngati mapu a Africa, thireyi yojambulidwa njovu, kamphika koikamo maluwa, kapena zibangili za akazi awo ndi alongo awo. Ena ali ndi ketulo kapena poto wamkuwa amene anamupeza pa kaunjika wa ziwiya, mwinanso anasiyiridwa ndi abwana amene ankabwerera kwawo. Tsiku limene zinthuzi zinkalowa m'nyumba zinali psuu ngati dzuwa likamalowa. Lero zambiri zada bii, zina zamera mawanga obiriwira, ndipo zinakankhidwira kuseri kwa kabati.

Chimene chimapha mkuwa m'nyumba zathu si ukalamba ayi, koma dzanja lozolowera. Tinakula tikukwecha mapoto a aluminiyamu ndi mchenga, phulusa losasefa ndi waya, ndipo mwana amene poto wake sankawala ankanenedwa kuti ndi waulesi. Ndiye munthu akaona thireyi yamkuwa itada, amangoitengera kuseri pamodzi ndi mapoto a nsima. Ine ndinachitapo zimenezi pa thireyi ya amayi anga ndili wamng'ono. Inayera ndithu, koma mizere ya mchenga ija ilipobe mpaka lero, ndipo khutu la njovu imodzi linafufutika. Mkuwa ndi chitsulo chofewa. Kuda kwake kumachoka ndi chinthu chowawasa, osati ndi mphamvu za mkono.

Kuda kumeneku si litsiro wamba, komanso si dzimbiri ngati la khasu. Dzimbiri la khasu limadya chitsulo kulowa mkati mpaka kuboola. Mkuwa ukakumana ndi mpweya ndi chinyezi umangomera kakhungu kopyapyala pamwamba, koyamba kofiirira, kenako kakuda, ndipo kakhunguko kamatchinga mkuwa wapansi kuti usawonongeke. Utsi wa makala ndi nkhuni umafulumizitsa zimenezi chifukwa uli ndi sulufule, n'chifukwa chake chinthu chokolekedwa pafupi ndi khitchini chimada msanga kuposa chimene chili pabalaza. Thukuta la m'manja nalo limasiya zidindo za zala. Pakapita zaka mkuwa ukunyowa ndi kuuma, kakhungu kaja kamasanduka kobiriwira. Chifaniziro chotchuka cha Statue of Liberty ku New York chinaimikidwa mu 1886 chili chofiirira ngati ketulo yatsopano. Mtundu wobiriwira umene timauona pa zithunzi unabwera ndi mvula ndi mphepo ya kunyanja, palibe anachipaka penti.

Kakhunguko kamasungunuka kakakumana ndi asidi wofatsa, wonga amene ali mu ndimu, mu viniga, mu bwemba kapena m'matimati. Mchere umathandiza kuti ntchitoyo ichitike mofulumira. Nkhani yonse yagona pamenepo, koma musathamangire kudula ndimu musanayeze chinthu chanucho.

Yambani mwadziwa chimene mwanyamula

Pa masitepe onse, ili ndi limene limapulumutsa zinthu zambiri. M'Chichewa timangoti mkuwa, koma dzinali likuphimba zitsulo zingapo. Mkuwa weniweni ndi wofiirira. Wachikasu uja, umene timauona pa zotsekulira zitseko, pa zoikapo makandulo za kutchalitchi ndi pa malipenga, ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Palinso wofiirira mothimbirira, wa mabelu ndi zifaniziro, umene amasakaniza ndi tini, chitsulo chofewa chotuwa. Njira zimene ndifotokoze pano zimagwira pa yonseyi, kungoti wachikasu sufuna kukhalitsa mu asidi. Ukakhalitsa, zinki wa pamwamba amasungunuka ndipo pamatsala zigamba zofiira zovuta kuchotsa.

Tengani maginito, kaya a m'sipika yakufa kaya omata pa filiji aja, muwayandikitse. Mkuwa sukoka maginito. Akamata, dziwani kuti chinthucho ndi chachitsulo wamba chimene anangochikuta ndi mkuwa wopyapyala ngati khungu la anyezi. Choterocho musachinyike m'madzi ndipo musachikhule kwambiri, chifukwa mukaboola kakhunguko dzimbiri lenileni limayamba. Maginito akapanda kumata koma chinthucho n'chopepuka modabwitsa, mwina ndi aluminiyamu wokutidwa, ndipo nachonso chimafuna dzanja lopepuka.

Kenako onani ngati chinapakidwa vanishi. Zokongoletsera zambiri za ku Zambia, makamaka mawotchi ndi zithunzi zapakhoma, anazipaka vanishi woonekera kuti zisade. Donthezani madzi a ndimu pamalo obisika, kuseri kapena kunsi, mudikire mphindi ziwiri, mupukute. Pakatsala kadontho kowala, vanishi palibe. Pakapanda kusintha chilichonse, vanishi alipo. Chinthu cha vanishi wabwinobwino chimangofuna kansalu konyowa ndi kasopo pang'ono, basi. Mchere ndi ndimu zingangomukanda vanishiyo n'kumusiya ali mbuu.

Chenjerani ndi zithunzi zokhala ndi malo ena akuda ndi ena owala, monga njovu yowala itaima pansi pa mtengo wakuda. Nthawi zambiri kudako anakuika dala amisiri kuti chithunzicho chioneke. Mukathira asidi ponseponse, mtengo ndi njovu zifanana mtundu, ndipo simudzatha kubwezeretsa. Chimodzimodzi zinthu zakalekale. Ndalama zakale monga matambala oyamba a 1971, kapena chinthu chofukulidwa m'nthaka chonga mitanda yamkuwa imene inapezeka ku Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi mu 1960, zimatsika mtengo zikawalitsidwa, pakuti odziwa amafuna kuona khungu lake lakalelo. Zikho za Mgonero nazo musazikhudze ndi asidi, chifukwa zambiri n'zokutidwa ndi siliva kapena golide wopyapyala.

Ngati ndi poto, sefuliya kapena ketulo, suzumirani mkati. Mukapeza mtundu wotuwa wosawala kwenikweni, wokhala ndi timizere ngati anachita kupaka ndi nsanza, ameneyo ndi tini. Mukapeza mowala ndi mosalala ngati supuni, ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Mukapeza mofiirira ngati kunja, potoyo ndi wosakutidwa. Sungani zimenezi m'mutu, tizibwerera kutsogoloku. Zonse zokhudza ndimu ndi mchere n'za kunja kwa poto kokha.

Tsukani ndi sopo kaye

Asidi sadutsa pa mafuta. Anthu ambiri amene amati ndimu silinagwire ntchito amakhala atalipaka pamwamba pa mafuta ndi fumbi la zaka khumi. Tsukani chinthucho m'madzi ofunda ndi sopo wa mbale, pogwiritsa ntchito siponji yofewa kapena kansalu. M'makona ndi mozungulira misomali ya chigwiriro gwiritsani mswachi wakale. Wotchi ichotseni makina ndi mivi yake kaye, ndipo chithunzi chomatidwa pa thabwa musachiviike, ingochipukutani.

Poto amene wakhalapo pa mbaula amakhala ndi mwaye ndi mafuta opserera kunsi. Pangani phala la soda wophikira ndi madzi pang'ono, pakani, musiye kwa theka la ola, kenako khulani ndi kansalu. Phulusa la nkhuni limagwiranso, bola mulisefe pa nsalu kuti timakala ndi timiyala titsale. Zakudya zopserera mkati zinyikeni m'madzi otentha a sopo usiku wonse, m'mawa muzikankhe ndi mthiko. Mpeni ndi waya zikhale patali.

Tsopano chowawasa chija

Njira yachidule, ya chinthu chimene changothimbirira pang'ono, ndi ndimu ndi mchere. Dulani ndimu pakati, linyikeni mu mchere wosalala, ndipo pakani pang'onopang'ono mukulifinya kuti madzi azituluka. Mudzaona mtundu ukusintha pomwepo pamene ndimu ladutsa. Mchere wamibulu uja umakanda, ndiye ngati ndi umene muli nawo, yambani mwaupera kapena kuusungunula m'madzi a ndimuwo, muzipaka ndi kansalu. Mandimu owawasa kwambiri a kumudzi aja ndiwo abwino, ndipo ngakhale ofota amene anatsala pa msika amagwira.

Chinthu chikakhala kuti chada kwambiri, kapena n'chachikulu moti madzi a ndimu akungoyenderera, pangani phala. Thirani theka la kapu ya viniga woyera m'mbale yapulasitiki kapena yadothi, sungunulanimo supuni yaikulu imodzi ya mchere, ndipo onjezani fulawa pang'onopang'ono mukutakasa mpaka zilimbe ngati phala la mwana. Fulawayo satsuka kanthu. Ntchito yake ndi kugwira viniga kuti akhale pamalo amodzi osatsika kapena kuuma msanga. Ufa woyera wa chimanga ungagwire ngati fulawa palibe, koma mgaiwa ndi wokhakhala. Matani phalalo mochindikala chinthu chonse nthawi imodzi. Mukamata mbali imodzi lero ina mawa, pamatsala mzere pamene mbali ziwirizo zakumana.

Apa ndiye pofunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Siyani kwa mphindi 10, kenako pukutani pakona ndi chala muone. Ngati padakali pakuda, bwezeranipo phala mudikire mphindi zina 10. Musapitirire theka la ola pa ulendo umodzi, ndipo pa mkuwa wachikasu mphindi 10 zokha n'zokwana. Kuli bwino kutsuka n'kumatanso phala latsopano kawiri kapena katatu kusiyana n'kusiya phala limodzi usiku wonse. Likaumira pomwepo limasiya mawanga ake, mwinanso obiriwira.

Kwa ine palibe choposa bwemba. Ku India, kumene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito ziwiya zamkuwa tsiku ndi tsiku, akhala akutsukira bwemba kuyambira kale, ndipo ife mitengo yake tili nayo yambiri kumadera otentha a m'mphepete mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire. Nyikani bwemba wodzaza dzanja m'madzi ofunda ochepa kwa mphindi 15, mufinye, muchotse njere ndi mitsitsi, muwaze kamchere. Zotsalazo zimamata zokha popanda fulawa, fungo lake silipweteka mphuno ngati la viniga, ndipo mukhoza kuzigwira ndi chala n'kumalowetsa m'mizere ya zojambula. Sosi wa matimati wa m'botolo amagwiranso chifukwa ali ndi viniga ndi mchere kale, kungoti ndi wochedwa, komanso ndani angapake sosi pa ketulo ana akuyang'ana?

Tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi makwinya ambiri, monga zibangili zopota, tcheni kapena timabelu, n'tosavuta kutinyika. Sakanizani kapu imodzi ya viniga, makapu 3 a madzi otentha ndi supuni yaikulu ya mchere m'beseni lapulasitiki. Ponyanimo tinthuto timire tonse, muzititembenuza, ndipo pakatha mphindi 5 mpaka 10 tivuuleni. Musachitire zimenezi mu poto wa aluminiyamu, chifukwa asidi ndi mchere zimamudya potoyo. Chigwiriro chathabwa kapena chachitsulo chisamire nawo. Mukafuna kuona kuti madzi otsalawo atenga chiyani, ponyanimo msomali woyera kwa ola limodzi, mudzaupeza utafiira chifukwa mkuwa wosungunuka wamata pamenepo. N'chifukwa chake madziwo simuyenera kuwataya pamene nkhuku zimamwa, m'dimba la ndiwo kapena pafupi ndi dziwe la nsomba. Nsomba sizipirira mkuwa ngakhale wochepa.

Pali malangizo ena ofala akuti musakanize soda ndi viniga kapena ndimu. Zimachita thovu losangalatsa maso, koma thovulo ndi chizindikiro chakuti ziwirizo zikuphana mphamvu. Soda ali ndi nthawi yake, poyamba pochotsa mafuta ndi pomaliza potsukuluza. Pakati apa musiyeni asidi agwire yekha.

Mawanga obiriwira amafuna chidwi chapadera, chifukwa zobiriwirazo n'zapoizoni zikalowa m'kamwa. Valani magolovesi kapena jumbo m'manja. Nyowetsani malowo ndi viniga kapena ndimu lopanda mchere, mudikire pang'ono, mukhule ndi mswachi kapena kamtengo kosongola. Nsanza ndi mswachi zimene mwagwiritsa ntchito zisabwererenso ku mbale. Mukaona kuti patapita masabata angapo pamalo omwewo patulukanso ufa wobiriwira motuwa, ndipo pansi pake pali timaenje, ndiye kuti mchere unalowa mu chitsulocho. Pamenepo mchere musauyandikitsenso. Tsukani mobwerezabwereza ndi madzi a mvula osungunulamo soda, muumitse kwambiri padzuwa, mupake phula.

Zinthu zitatu musayerekeze n'komwe. Jik amadetsa mkuwa ndi kuuboola timaenje, ndipo akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa chlorine umene ungakugwetseni m'chipinda chotseka. Madzi a batire ya galimoto amawalitsa m'kuphethira kwa diso, koma amadya chitsulo, zovala ndi khungu, ndipo dontho limodzi m'diso ndi nkhani ya kuchipatala. Mankhwala otsukira chimbudzi ali m'gulu lomwelo.

Kutsukuluza ndi kuumitsa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa akaona chinthu chawala amaganiza kuti ntchito yatha. Asidi ndi mchere zotsalira m'makona zimapitiriza kugwira ntchito, ndipo pakatha masiku atatu chinthu chija chimakhala chitada kuposa poyamba. Tsukuluzani ndi madzi ambiri mukupukuta ndi dzanja, mswachi uzilowa m'mizere yonse. Kenako sungunulani supuni yaing'ono ya soda mu lita imodzi ya madzi, muviikemo chinthucho kapena muchipukute nawo kuti asidi wotsala afe, ndipo tsukuluzaninso ndi madzi oyera. Ngati madzi a pa mjigo wanu ndi amchere, monga zimakhalira m'madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madzi omaliza akhale a mvula.

Musachisiye pa thandala kuti chiume chokha ngati mbale. Dontho lililonse louma lokha limasiya kabwalo kake. Pukutani nthawi yomweyo ndi nsalu youma ya thonje, kenako chiikeni padzuwa kwa mphindi zochepa kuti chinyezi cha m'makona, pansi pa mkombero ndi m'mphuno ya ketulo chichoke.

Kupukuta kuti chinyezimire

Mkuwa ukangochoka mu asidi umaoneka wotuwa mofiirira ngati mnofu wa nsomba, wosanyezimira. Musadandaule, ndi mmene umakhalira. Kunyezimira kumabwera ndi nsalu. Tengani tisheti yakale ya thonje kapena thewera lakale lofewa, muipinde, ndipo pukutani mwamphamvu pang'ono koma mofulumira. Pamalo athyathyathya ngati thireyi yendetsani dzanja mbali imodzi, kupita ndi kubwera, motsatira timizere timene tilipo kale. Mukamazungulirazungulira, kuwala kukagundapo pamaoneka timabwalo ngati ukonde wa kangaude. Nsalu ikada, tembenuzani pena poyera.

Nsalu yokha ikalephera kufikitsa pamene mukufuna, perani choko choyera cha kusukulu chikhale ufa wosalala, muchinyowetse pang'ono, mupukutire. Mankhwala otsukira mano oyera aja, osati oonekera mkati, amagwiranso pa tinthu tating'ono. Brasso, mankhwala a m'chitini opukutira zitsulo amene anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1905 ndipo asilikali ndi apolisi amamudziwa bwino pa mabatani ndi malamba, amawalitsa msanga ndipo amasiya kamafuta kochedwetsa kuda. Gwedezani chitini, donthezani pang'ono pa nsalu osati pa chinthucho, pakani, mudikire ayambe kuuma, mupukute ndi nsalu ina. Chitirani panja kapena pa windo chifukwa fungo lake ndi lamphamvu. Wotsalira m'mizere amauma n'kukhala woyera ngati laimu, ndiye mutsatireni ndi mswachi wouma. Mkati mwa chiwiya chodyera kapena chomwera Brasso asalowemo, ndipo ngati mwapaka kunja kwa poto, mutsukeni ndi sopo musanamuike pamoto.

Nanga chinthu chimene vanishi wake wasupuka, moti pena pakuwala pena pada ngati chikanga? Palibe chidule, vanishi yense achoke kaye. Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo okhala ndi acetone amamusungunula. Nyowetsani thonje, khulani kagawo kamodzi kamodzi, panja, kutali ndi moto. Ngati chinthucho n'chamkuwa chokhachokha, chopanda thabwa, guluu kapena makina, mukhoza kuchiwiritsa kwa mphindi 15 mpaka 20 m'madzi a soda, supuni yaikulu imodzi pa lita iliyonse, ndipo vanishi amafewa n'kumasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pamenepo yambirani pa ndimu paja.

Mkati mwa poto: apa ndiye pali moyo wa anthu

Ophika amakonda mkuwa chifukwa umayendetsa kutentha msanga ndiponso mofanana, kuposa aluminiyamu, komanso kuposa chitsulo chosachita dzimbiri maulendo oposa 20. Koma asidi yemwe uja amene wasungunula kuda kunja kwa poto amasungunulanso mkuwa mkati, n'kuuthira mu ndiwo. Thupi limafuna mkuwa wochepa kwambiri, umene timaupeza kale mu nyemba, mtedza ndi chiwindi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 2 a mkuwa pa lita. Ukachuluka umayambitsa nseru, kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula, ndipo ku India madokotala anapeza kuti ana aang'ono ambiri amene ankadwala chiwindi ankamwetsedwa mkaka wowiritsidwa kapena kusungidwa m'ziwiya zamkuwa zosakutidwa.

Choncho mu poto wosakutidwa musaphike matimati, chidede, bwemba, malambe kapena chilichonse chothira viniga kapena ndimu, ndipo musasungiremo thobwa, chambiko, mkaka kapena mowa. Ku France amaphikira jamu m'mabeseni amkuwa osakutidwa, koma zipatso zimalowamo zitasakanizidwa kale ndi shuga wambiri, ndipo jamu akangopsa amamukhuthula. Poto wosakutidwa amene mkati mwake munamera zobiriwira, ine ndimati apume, akhale woikamo maluwa ouma.

Poto wokutidwa ndi tini ndi wabwino kuphikira, koma tiniyo ndi wosakhwima. Amada ndi kutuwa akamakalamba, ndipo zimenezo si litsiro. Musiyeni choncho. Tsukani ndi sopo ndi siponji yofewa yokha, takasani ndi mthiko kapena chipande chathabwa, ndipo mchere thirani madzi atawira kuti usakakhale pansi n'kuboola. Chofunika kwambiri n'chakuti tini amasungunuka pa madigiri 232 okha, pamene mkuwa umafuna madigiri 1,085. Poto wopanda kanthu akakhala pa mbaula ya makala oyaka bwino, mphindi zochepa n'zokwana kuti tini achite matuza n'kuyenderera. Thirani mafuta kapena madzi kaye, moto ubwere pambuyo.

Mkuwa ukayamba kusuzumira mkati, ndipo malo ofiirawo onse pamodzi akula kuposa kandalama kachitsulo, potoyo akufunika tini watsopano. Ku India, ku Turkey ndi ku France kuli amisiri a ntchito imeneyi yokha, ndipo mukaona poto wa pa kaunjika atadindidwa dzina lakuti Villedieu, dziwani kuti wachokera ku tauni ya ku Normandy yotchuka ndi mapoto amkuwa, musamutaye. Koma musamupereke kwa mmisiri wowotcherera zidebe kuti amupake mtovu wake wowotcherera uja. Tini wa poto ayenera kukhala tini yekhayekha. Wosakaniza ndi mtovu ndi poizoni woipa kuposa mkuwa umene mukuuthawawo, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ketulo yakale yokhala ndi zigamba zotuwa zowotcherera mkati nayo ikhale yokongoletsera basi. Poto wokutidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri alibe mavuto onsewa, mkati mwake tsukani monga mumatsukira sefuliya iliyonse.

Kuti zisadenso msanga

Zokongoletsera zipakeni phula la njuchi. Lifewetseni padzuwa kapena mulisungunule ndi dontho la mafuta a ana opaka aja, pakani mopyapyala kwambiri ndi kansalu, mudikire mphindi 10, mupukute mpaka dzanja lisamamate. Vaseline wochepa amagwiranso, kungoti amakoka fumbi. Mafuta ophikira musapake. Amawola, amanata, ndipo pakapita nthawi iwo omwe amabweretsa zobiriwira. Kunja kwa poto wophikira sikufuna phula, chifukwa lingangopserera. Ngati mukuphikira pa nkhuni, pakani sopo wonyowa kunsi ndi m'mbali musanamuike pamafuwa, mwaye udzachoka ndi madzi okha.

Posunga, kulungani m'nsalu ya thonje youma, muike m'jumbo, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Musamange ndi mphira, chifukwa ili ndi sulufule ndipo imasiya mzere wakuda wozungulira. Miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi imene mkuwa umada msanga, ndiye zopachika pakhoma muzizipukuta ndi nsalu youma kamodzi pa sabata, ndipo pozinyamula muzigwira ndi nsaluyo osati ndi zala.

Chibangili chikamasiya mzere wobiriwira pa mkono, ndi thukuta limene likusungunula mkuwa pang'ono. Zimachoka ndi sopo ndipo sizivulaza, pokhapokha khungu likayamba kuyabwa kapena kutuluka nsungu. Chivuleni posamba, pochapa ndi pogona, kapena pakani mkati mwake penti ya m'zikhadabo yoonekera. Zoti chimachiza nyamakazi, ofufuza a pa yunivesite ya York ku England anaziyesa pa odwala ndipo mu 2013 analengeza kuti sanapeze kusiyana kulikonse, ndiye agogo avale chifukwa chokongola koma mankhwala a kuchipatala asasiye.

Kumbukiraninso kuti nthawi iliyonse imene mwawalitsa, kamkuwa kochepa kamapita ndi nsalu, ndipo zojambula zimanka zifufutika. Chinthu chamkuwa weniweni chopakidwa phula chimangofuna ndimu kawiri pa chaka, mvula ikatha ndiponso Khirisimasi ikayandikira. Chokutidwa chabe, chimene maginito anamata chija, kamodzi pa chaka n'kokwanira, ndipo muzipaka madzi a ndimu okha pa kansalu, opanda mchere.